Makutu ndi Hutala ya Basi

Ketrina ankakhala ku Chinyunyu, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Chipata. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Analinso ndi bulu. Dzina la buluyo linali Makutu. Ketrina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukwera Makutu osagwa.

Koma Makutu! Ha, Makutu ameneyu!

M'chaka cha 1995 ng'ombe za Atate zinafa ndi matenda a denkete. Zinafa zonse zinayi. Atate anapereka mbuzi zitatu kwa ba Whiteson, ogulitsa nthochi pamsewu. Ba Whiteson anawapatsa bulu.

"Uyu ndi wako, Ketrina," anatero Atate. "Uzipita naye kuchigayo."

Lolemba Ketrina anamanga thumba la chimanga pamsana pa Makutu. Iyenso anakwera. Makutu anayenda bwinobwino. Ketrina anayamba kuimba.

Kenaka kumsewu basi inaliza hutala. Piii! Piii!

Makutu anaimika makutu. Anatembenuka. Anathamanga! Ketrina anagwera mu udzu. Thumba linagwera m'matope. Makutu sanacheuke n'komwe. Anakaima pambali pa basi ngati ali ndi tikiti.

Lachiwiri anafika kuchigayo. Anagayitsa chimanga. Anayamba kubwerera.

Piii! Piii!

Makutu anatembenuka. Anathamanga! Thumba linang'ambika. Ketrina anafika kunyumba ali mbuu, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ufa wanga uli kuti?" anafunsa Amayi.

"Uli m'mutu mwanga, Amayi," anayankha Ketrina.

Lachitatu Atate anati, "Ndipatse chingwe. Ine ndaphunzitsapo ng'ombe zambiri."

Atate analiza chikwapu. Makutu anangoima. Atate anakuwa monga ankakuwira ng'ombe. Makutu anangoima. Atate anakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu. Makutu anayasamula.

Piii! Piii!

Apo ndiye Makutu anayenda. Anakoka Atate pafumbi. Anawakoka kudutsa m'munda wa mbatata. Chipewa cha Atate chinatsala pachitsamba.

"Manje ndatopa!" anakuwa Atate. "Tsiku lina galimoto idzakugunda, iwe ndi bulu wako. Ba Whiteson ali ku Lusaka. Abwera Loweruka la sabata yamawa. Ndikamubweza tsiku lomwelo."

Ketrina anapita kukhola. Anali atakwiya kwambiri. Koma ankamukonda bulu wopusayo.

"Iwe Makutu," anatero, "ufuna kupita kuti ndi basi? Uli ndi m'bale ku Chipata?"

Makutu anamununkhiza kumaso. Ketrina analira pang'ono.

Lachinayi Ketrina sanakwere. Anangotsatira Makutu pambuyo. Basi inalira. Makutu anathamanga. Ketrina anathamanganso.

Anaona chiyani? Anthu a m'basi ankagula nthochi. Ankadya nthochi. Ankataya makoko pawindo. Makutu ankatola makokowo. Ankatafuna atatsinzina ndi kukoma.

"Ohoo!" anatero Ketrina. "Kasi ni makoko chabe!"

Makutu anakulira pamsewu kwa ba Whiteson. Kwa iye hutala inali belu la chakudya.

Ketrina anaganiza. Anapempha makoko kwa amayi ogulitsa nthochi. Anadzaza matumba onse a diresi yake. Kenaka anathyola phesi la papaya.

"Amayi, muuzire apa," anatero. "Mukhale basi."

"Ine ndikhale basi?" anafunsa Amayi. Koma anauzira. Pooo! Pooo!

Nkhuku zinathawa. Galu anauwa. Makutu sanadzutse mutu n'komwe. Iye ankadziwa basi yeniyeni.

"Wandichititsa manyazi chabe," anatero Amayi. Anataya phesi lija.

Basi yeniyeni ndiyo inkafunika. Ketrina anapita ndi Makutu pamtengo wa msuku. Mtengowo unali patali ndi msewu, koma hutala inkamveka. Anamumanga ndi chingwe chachitali.

Piii! Piii!

Makutu anakoka. Anakoka. Anakokanso. Ketrina sanamumenye. Sanakuwe, ngakhale ankafunitsitsa kukuwa. Anangodikira. Makutu atatopa, anaima.

"Ima, Makutu," anatero Ketrina. Anamupatsa khoko limodzi.

Tsiku loyamba Makutu anakoka pa basi iliyonse. Tsiku lachiwiri anakokanso pa basi iliyonse. Tsiku lachitatu anamuponda Ketrina chala. Ketrina anadumphadumpha ndi mwendo umodzi.

"Ndikusiya, wamva?" anatero. "Upite kwa ba Whiteson ako!"

Koma m'mawa mwake anabweranso. Diresi yake inkanunkha nthochi. Ntchentche zinkamutsata mpaka kusukulu.

Tsiku lachisanu basi inalira. Makutu anakoka pang'ono chabe. Tsiku lachisanu ndi chiwiri sanakoke. Anaima. Anatembenuza mutu. Anayang'ana thumba la Ketrina.

Ketrina anathamangira kumunda.

"Atate! Makutu wasintha!"

"Nsana wanga ukali kuwawa," anatero Atate. "Loweruka apita."

Loweruka linafika. Atate anatenga chingwe. Amayi anawapatsa nthochi ziwiri zodya panjira.

"Atate, ndimukwere komaliza," anapempha Ketrina.

Atate anavomera. Ketrina anakwera. Misozi inali m'maso. Anayenda mpaka pafupi ndi msewu.

Piii! Piii!

Basi yaikulu inaima pomwepo. Atate anagwira chingwe ndi manja awiri. Makutu anaimika makutu. Anayang'ana basi.

"Ima, Makutu," anatero Ketrina.

Makutu anaima. Anatembenuza mutu. Anayang'ana thumba la Ketrina.

Ketrina anapisa m'thumba. Munalibe kanthu. Anapisa m'thumba lina. Munalibenso kanthu. Mayo! Chifukwa cha chisoni anali ataiwala makoko.

Munthu wina wa m'basi anataya khoko pawindo. Makutu analiona. Ananyamula mwendo umodzi.

"Atate, nthochi!" anakuwa Ketrina. "Msanga, Atate!"

Atate anasenda nthochi. Anaiponya yonse m'kamwa. Masaya anatupa. Anapereka khoko kwa Makutu. Makutu anabweza mwendo pansi. Anatafuna. Basi inapita.

Atate anayang'ana bulu. Anayang'ana chingwe. Chingwe chinali lende, chosakokedwa.

Kenaka inabwera minibasi. Piii!

Makutu sanayang'ane msewu. Sanayang'ane Ketrina. Anayang'ana Atate.

"Aa, iwe!" anatero Atate. "Yatsala imodzi chabe!"

Makutu anawayang'anabe. Atate anapuma mozama. Anasenda nthochi yachiwiri.

Anaidya. Khoko anapatsa Makutu. Kenaka anapereka chingwe kwa Ketrina.

"Mutembenuze," anatero. "Ine ndayenda mokwanira."

Amayi anali kusesa pabwalo. Anaona Atate. Anaona Ketrina ali pamsana, osagwa. Anaonanso Makutu.

"Nanga bulu uyu?" anafunsa Amayi.

"Ndi wa Ketrina," anayankha Atate. "Sapita kulikonse."

Ketrina anakumbatira khosi la Makutu. Anaseka mpaka misozi.

Atate anatenga khasu.

"Mukupita kuti?" anafunsa Amayi.

"Kuseri kwa nyumba," anatero Atate. "Ndikabzale nthochi. Msewu uyu uli ndi mabasi ambiri."