Josette ndi Nthambi Imodzi ya Sasikatuni

Josette ankafuna amayi ake.

Amayi anali kutali, kumpoto. Ankaphikira anthu ogwira ntchito kumgodi.

Pochoka, anamuonetsa chitsamba cha zipatso zotchedwa sasikatuni kuseri kwa nyumba.

"Zipatso zake zikada, ndidzabwera," anatero amayi. "Tidzadyera limodzi."

M'nyumba munali zii. Bambo ankaswera kukhola la akavalo. Anansi anali kutali, kuseri kwa minda ya tirigu. Josette analibe wosewera naye.

Chipale chofewa chinasungunuka. Chitsamba chinachita maluwa oyera. Josette anadikira.

Maluwa anayoyoka. Panabwera tizipatso tobiriwira. Josette anadikira.

Tizipatso tinafiira. Josette anadikirabe.

Koma mbalame sizinadikire.

Zinabwera ziwiri. Zinabwera khumi. Jompho! Jompho!

"Chokani, akuba inu!" anakuwa Josette. "Si zanu izi!"

Mbalame zinauluka. Josette atangotembenuka, zinabwereranso.

"Ababa, zikutha!" anatero Josette. "Amayi adzadya chiyani?"

"Ufuna ndizimange miyendo ngati akavalo?" anafunsa bambo. "Nazonso zili ndi mimba, mwanawe."

Josette sanaseke.

Analowa kuchipinda. Anatenga mpango wakale wa amayi. Unkanunkhirabe sopo wawo. Anakulunga nthambi imodzi ndi mpangowo, namanga zolimba.

"Zinazo idyani," anauza mbalame. "Iyi yokha ayi."

Mbalame zinadya. Zinadya mpaka chitsamba chinangotsala masamba.

Tsiku lililonse Josette ankasuzumira mumpango. Zofiira. Mawa lake, zofiira. Kenako tsiku lina, zakuda bii!

Anaziwerenga. Zinalipo zisanu ndi ziwiri.

Josette anakakhala pampanda. Anayang'ana kumsewu. Kunadutsa mphepo. Kunadutsa galu. Amayi sanabwere.

Mawa lake sanabwere. Mkuja wake sanabwere.

Zipatso zinayamba kufewa. Chimodzi chinagwa.

"Ababa, ziwola," anatero Josette.

Bambo anavula chipewa. Anakhala pansi pambali pake.

"Zikachuluka, amayi ako amazitani?" anafunsa.

Josette anaganiza. Kenako anakumbukira timikate ta zipatso timene amayi ankayanika, nadzuka msangamsanga.

Anatsuka mwala wosalala wa amayi. Anaphwanyira zipatso zija pamwalapo. Anaumba kamkate. Anakayanika padzuwa, naphimba ndi mpango.

Kamkateko kanauma gwa. Kanali kakang'ono ngati batani.

"Phwando lake lalikulu bwanji!" anatero bambo. "Tiitane anansi?"

Ulendo uno Josette anaseka pang'ono.

Anakasunga m'kachitini. Kachitiniko sikankachoka m'thumba mwake.

Udzu unayamba kuuma. Tsiku lina masana, kumsewu kunabuka fumbi. Galimoto inaima pachipata. Munatuluka amayi!

Josette sanathamange. Anangoima, manja m'thumba.

"Mwachedwa, Amayi," anatero.

"Ndachedwadi, mwana wanga," anayankha amayi. "Wondilowa m'malo kukhitchini anachedwa kufika. Sasikatuni zatha, eti?"

Josette anatulutsa kachitini. Anatsegula.

Amayi anayang'ana kamkate. Anayang'ana mpango. Anagwada, namukumbatira Josette zolimba.

Kenako anatenga mpeni. Anadula kamkateko patatu. Kena ka bambo. Kena ka amayi. Kena ka Josette.

"Ine ndakhuta kale," anatero bambo, akusisita mimba.

"Musameze msanga, Ababa!" anatero Josette.

Anatafuna pang'onopang'ono, onse atatu limodzi.