Zenera la Achimwene

Kanyerere anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anali wamfupi. Anali wamfupi ndithu. Koma sankakhala pansi. Apa ali, apo ali. N'chifukwa chake onse ankamutcha Kanyerere.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti achimwene ake aziona kunja.

Achimwene anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Miyendo yawo sinkayenda. Ankayenda pa mpando wamatayala. Akabwera kusukulu, ankakhala m'chipinda. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi. Zeneralo linali m'mwamba kwambiri. Achimwene akayang'ana, ankangoona mitambo. Lero mitambo. Mawa mitambo. Mkuja mitambo.

Achimwene sankadandaula. Koma Kanyerere zinkamupweteka mumtima.

Chaka chimenecho bambo ndi mayi anayamba kumanga nyumba yawo. Anaitana amisiri omanga nyumba. Bambo anali aatali. Amisiri anali aatali kuposa bambo. Polowa pakhomo, onse awiri ankawerama.

Loweruka m'mawa, bambo anatenga pulani ya nyumba. Kanyerere anatenga botolo la madzi. Anapita kukaona ntchito. Achimwene anatsala ndi mayi. Pamalo omangirapo panali mchenga wambiri. Matayala akanatitimira.

"Ukandionere chipinda changa," anatero achimwene.

"Ndikakuonerani," anatero Kanyerere.

Nyumba inali itakwera. Makoma anali atamupitirira Kanyerere. Denga kunalibe. Anthu anali kalikiliki. Wina ankakankha wilibala. Wina ankakanya matope. Wina ankanyamula njerwa.

Kanyerere anagwira njerwa imodzi. Inali yosalala. Inali yozizira.

"Bwanji njerwazi sizofiira?" anafunsa.

"Sitinaziotche," anayankha amisiri. "Tinasakaniza dothi ndi simenti pang'ono. Tinazipsinja pa makina. Zinauma zokha. Sitinadule mtengo ngakhale umodzi."

Bambo anayenda naye nyumba yonse. Ankaloza uku. Ankaloza uko.

"Apa padzakhala khonde lalikulu," anatero bambo. "Dzuwa silidzaotcha khoma. Apo padzakhala thanki. Madzi a mvula sadzatayika. Waona makomowa? Ndi aakulu. Mpando wa achimwene ako udzadutsa bwinobwino. Waona pakhomo? Palibe sitepe. Adzalowa okha. Adzatuluka okha."

Bambo anali ataganiza za zonse. Ndi mmene iwo ankaonera.

Anafika m'chipinda cha achimwene. Pakhoma panali mpata wa zenera. Felemu ya zenera inali itatsamira pambali. Bambo anaima pa mpatawo. Amisiri anaima pambali pawo. Onse awiri anayang'ana kunja.

"Pakuoneka bwino," anatero bambo.

"Bwino kwambiri," anatero amisiri. "Mnyamata wanu adzasangalala."

Kanyerere anaima pakati pawo. Nayenso anayang'ana. Anaona njerwa. Ananyang'ama. Anaona njerwa. Anadumpha. Anaona kamtambo. Atatera pansi, anaonanso njerwa.

Kanyerere anada nkhawa. Iye akaima, achimwene atakhala pa mpando, mitu yawo inkafanana. Zimenezi ankazidziwa bwino. Ankayezerana tsiku lililonse. Chimene iye sakuona, achimwene sadzachiona.

"Zenerali mwaliyeza bwanji?" anafunsa.

"Monga mwa masiku onse," anayankha amisiri. "Ndimaima pakhoma. Njerwa zikandifika pachifuwa, basi. Zenera limayambira pamenepo. Ndamanga nyumba zambirimbiri chonchi."

"Nanga felemu muika liti?"

"Tikangodya. Tithira simenti. Ikauma, sigwedezekanso."

Kanyerere anakoka malaya a bambo.

"Ababa, zenera lili m'mwamba."

"Udzakula, mwanawe," anatero bambo. Maso awo anali pa pulani.

"Sindikunena za ine."

Koma bambo anali atatuluka kale. Wina ankawafunsa za mchenga.

Kanyerere anapita kwa amisiri.

"Amisiri, zenera lili m'mwamba."

"Tapatuka, kamtsikana. Njerwa ingakugwere pa chala."

Anthu aatali ali ndi vuto lawo. Makutu awo ali kutali. Mawu a wamfupi amafika atatopa.

Kanyerere sanalire. Anakhala pa mulu wa mchenga. Anaganiza. Anaganizanso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako anaona chidebe. Chinali chopanda kanthu. Anachinyamula. Analowa nacho m'chipinda cha achimwene. Anachivundikira pansi, pafupi ndi zenera. Anachipukuta ndi dzanja. Anaika botolo la madzi pambali pake.

Dzuwa linatentha kwambiri. Anthu anasiya ntchito. Amisiri anapukuta thukuta. Anayamba kufunafuna mthunzi.

"Amisiri, ndakukonzerani pokhala," anatero Kanyerere. "M'chipinda umu muli mthunzi wa khoma. Mulinso madzi."

"Mwana waulemu ameneyu," anatero amisiri.

Analowa. Anapinda miyendo yawo yaitali ija. Mawondo analira, kwe, kwe. Anakhala pa chidebe. Anamwa madzi.

Kanyerere anaima pambali pawo. Tsopano mitu yawo inafanana.

"Amisiri, tayang'anani pa zenera."

Amisiri anayang'ana.

"Mukuona chiyani?"

"Njerwa."

"China?"

"Kumwambaku kuli mtambo."

"China?"

Amisiri anatambasula khosi. Anapendekera uku. Anapendekera uko.

"Palibe," anatero.

"Achimwene amakhala chonchi tsiku lililonse," anatero Kanyerere.

Amisiri anayang'ana khoma. Anayang'ana Kanyerere. Anachita manyazi. Anaika botolo pansi.

"Kaitane bambo ako," anatero.

Bambo anabwera ndi pulani m'manja.

"Kwagwanji, amisiri?"

"Khalani apa, bambo."

"Ine sindinatope."

"Khalani basi."

Amisiri anaimirira. Bambo anakhala pa chidebe. Anayang'ana pa zenera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakumbukira makomo," anatero bambo pamapeto pake. "Ndinakumbukira sitepe. Maso a mwana wanga ndinawaiwala."

Mawu awo anali achisoni. Kanyerere anawagwira dzanja.

"Matope sanaume, ababa," anatero.

Amisiri anakanda pakati pa njerwa ndi chala. Matope anali ofewa.

"Akunena zoona," anatero. "Tikadadikira mpaka mawa, tikadagumula ndi hamala."

"Koma felemu tinapangitsa kale," anatero bambo. "Tikaitsitsa, pamwamba patsala mpata."

Amisiri anakanda m'mutu. Anayang'ana mpatawo. Kenako anamwetulira.

"Mpatawo tiufuna," anatero. "Tiikapo njerwa zobooka. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Uzitulukira pamenepo. Wozizira uzilowera pa zenera. M'chipinda muno simudzatentha."

Anayamba kuchotsa njerwa. Ankachotsa imodziimodzi. Ankazipala matope. Ankaziika pambali. Palibe njerwa imene inasweka. Zonse zinadikira khoma lina.

Kanyerere anaima pakati pa chipinda. Tsopano woyeza anali iyeyo.

Mzere woyamba unachoka.

"Ukuona chiyani?" anafunsa amisiri.

"Nsonga ya mtengo."

Mzere wachiwiri unachoka.

"Nanga pano?"

"Denga la nyumba ina."

Mzere wachitatu unachoka.

"Nanga pano?"

"Mitu ya anthu."

"Basi pamenepo?"

"Ayi. Anthu alinso ndi miyendo."

Amisiri anaseka. Anachotsa mzere wachinayi. Kanyerere anaona msewu wonse. Anaona udzu wa m'mbali mwake. Anaona mpaka miyala.

"Basi," anatero.

Anaika felemu. Anathira simenti. Kenako amisiri anatenga chidebe chija. Anapita nacho kukhitchini. Anakhalapo, n'kuyang'ana. Anapita nacho pabalaza. Anakhalapo, n'kuyang'ana. Anzawo ankaseka.

"Amisiri akalamba. Akumanga ali chikhalire."

"Sekani," anatero amisiri. "Koma tsitsani zenera ili. Ndi ilo. Ndi ilonso."

Madzulo Kanyerere anafika kunyumba ali fumbi lokhalokha.

"Chipinda changa chili bwanji?" anafunsa achimwene.

"Chili ndi makoma anayi."

"Basi?"

"Mudzaona nokha."

Kanyerere ankafuna kuulula. Pakamwa pankayabwa. Koma anadzigwira.

Miyezi inadutsa. Denga linaikidwa. Zitseko zinaikidwa. Makoma anapakidwa laimu. Tsiku losamuka linafika.

Galimoto inatsitsa katundu. Mayi ananyamula mapoto. Bambo ananyamula tebulo. Achimwene anagwira matayala a mpando wawo. Analowa okha. Anadutsa pabalaza. Anakhota. Analowa m'chipinda chawo.

Anafika pa zenera. Anaimitsa mpando.

Munthu anadutsa pa njinga. Anali atamanga matiresi kumbuyo. Galu anadutsa, mchira uli m'mwamba. Ana awiri anadutsa akukangana za mpira. Achimwene anatsegula zenera. Anaika zigongono pa felemu. Kamphepo kanalowa.

Kanyerere anaima pakhomo. Bambo ndi mayi anaima kumbuyo kwake.

Mayi wina anadutsa mumsewu. Anali ndi ambulera ndi chikwama. Anatembenuka. Anaona nkhope pa zenera.

"Waswera bwanji, mwanangu?" anatero mayiyo.

Achimwene anacheuka. Ankaganiza kuti akulonjera wina. Kumbuyo kwawo kunalibe amene ankaoneka kuchokera kumsewu. Moniyo anali wawo.

"Ndaswera bwino, kaya inu, amayi?" anayankha.

"Ndaswera. Ndinu atsopano kuno?"

"Inde. Tabwera lero."

"Takulandirani. Ndimadutsa pano tsiku lililonse. Tizionana."

Mayiyo anapitirira. Achimwene anamuyang'ana mpaka anakhota.

"Andiona," anatero motsitsa mawu. "Amayi, anthu akundiona."

Mayi anapukuta m'maso ndi dzanja. Anali osangalala kwambiri. Bambo anatsokomola pang'ono. Kenako anakhala pansi, pafupi ndi mpando. Mayi anakhala mbali inayo. Kanyerere anadzipanikiza pakati.

"Sunthaniko, achimwene," anatero.

"Zenera ndi langa," anatero achimwene. Koma anasuntha.

Katundu anali mbwee pabalaza. Mabedi anali asanamangidwe. Makatani anali m'thumba. Patapita nthawi, mayi anadzuka.

"Tiyeni tikadye," anatero. "Kenako tipachike katani pa zenerali."

Achimwene sanatembenuke.

"Katani mudzapachike mawa, amayi," anatero. "Sindinamalize kuona."