Dzina la Lemmy Linatsala M'nsupa

Lemmy anali mphawi wa tayi pakhosi, nsapato zikuseka pansi. Pakampani ina ya makompyuta mu Chipata, ntchito yake inali kukonzanso malangizo akale olumikizira gulu la maseva, makompyuta akuluakulu osunga zinthu, kwa mlonda wakunja. Maseva amenewo paokha sadziwa munthu ayi. Ukagogoda, amayamba afunsa mlondayo, nayenso makina, kuti, "Uyu mum'dziwa?" Akavomera, walowa.

Tsiku limene mnzake Boaz anagula galimoto, Lemmy ngakhale tiyi anamuwawa. Anakwera njinga yamoto, ulendo wa ku Chipangali kwa a Alfonsi, sing'anga wa mawu ngati chitseko cha dzimbiri.

"Chuma, mwanangaaa?" anatero mkuluyo. "Chosavuta. Undisiyire dzina lako m'nsupa umu. Aliyense wokuona, mtima wake uziyamba wafunsa kwa ine. Mwezi ukaoneka, uzibwera ndidzakuvomereze."

Lemmy anaseka mpaka kukhosomola. "Agogo, imeneyo ndiye ntchito yanga yomwe ija!"

"Ndiye ukuidziwa bwino," anayankha a Alfonsi, osaseka.

Chuma chinabwera, abale! Makampani ankalimbirana Lemmy. Galu wake ankagona pamatiresi, nkhuku zikudya mabisiketi. Malangizo a kuntchito aja anawasiya theka, ati adzamaliza mawa.

Mwezi wina anachedwako pang'ono. Kutchalitchi amayi ake omubala anamupatsa moni wa alendo: "Mwachokera kuti, bambo?" Lemmy anathamangira ku Chipangali thukuta kamukamu, zinthu n'kukonzeka.

Ulendo wotsatira anapeza anthu akuchokera kumanda. A Alfonsi anali atamwalira, ndipo anawaika pamodzi ndi nsupa zawo.

"Amayi, sanasiye malangizo?" Lemmy anafunsa mkazi wamasiye wa a Alfonsi.

"Zonse zinali m'mutu mwawo. Ankati adzafotokoza mawa. Kodi inu ndinu ndani?"

Kuntchito pasiwedi yolowera pakompyuta inamukana. Boaz anamuitanira alonda. Kunyumba mkazi wake Dolika anatsegula chitseko pang'ono chabe.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Dolika, ndine bambo a Ruth! Ndine ndinagula chitseko chimenechi!"

Dolika anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira yankho lochokera kutali. Silinabwere. Anatseka, n'kukhoma. Galu uja anadzuka pamatiresi n'kumuthamangitsa mpaka kumsewu.

Lero mukamuona kumsika, tayi yomwe ija pakhosi, amagwira aliyense dzanja: "Mundidziwa? Mundidziwa?" Palibe amayankha.

Dyera n'loipa, anthuni. Osapereka dzina lanu kwa wina chifukwa cha chuma. Bola umphawi, koma ukagogoda pakhomo pako akutsegulire.