Dzanja la Kachitsa Pakhoma

Kachitsa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti bambo ake alowe m'kalasi mwake.

Dzina loti Kachitsa anamupatsa ndi bambo akewo. Ankati ndi wamfupi ngati chitsa.

Kunyumba onse ankayankhula chiyankhulo chimodzi. Koma kusukulu ya mkaka, aphunzitsi ankayankhula china. Makolo anamupititsa dala kumeneko.

"Mwana wathu adziwe ziwiri," ankatero bambo.

Kachitsa anadziwadi ziwiri. Bambo anatsala ndi chimodzi.

Bambo ankagwira ntchito yopenta nyumba. Akaweruka, ankabwera kudzamutenga. Ankaima pageti. Sankalowa.

Tsiku lina ana anaviika manja mu penti. Anadinda manjawo pakhoma la m'kalasi. Dzanja la Kachitsa linali lachikasu.

"Ababa, lowani muone dzanja langa!"

"Nsapato zanga n'zakuda, mwanangu."

Mawa lake Kachitsa anapemphanso.

"Ababa, lowani."

"Tachedwa, mwanangu."

Kachitsa anatsatira bambo ake. Mtima unamuwawa kwambiri. Khoma silinyamulika. Akanatha, akanalisenza mpaka pageti.

Kunyumba anafunsa mayi ake.

"Amayi, ababa sakonda sukulu yanga?"

Mayi anasiya kusita. Anamukhazika pamiyendo.

"Amaikonda, mwanangu. Koma aphunzitsi akawapatsa moni, sadziwa choyankha. Akulu nawonso amachita manyazi."

Kachitsa anaganiza. Anaganizanso.

M'mawa anakoka siketi ya aphunzitsi. Anawauza za bambo ake. Kenako anawaphunzitsa mawu akunyumba.

Aphunzitsi anayesa. Lilime linakana. Anayesanso. Lilime linakananso. Kachitsa sanaseke. Iyenso linkamukana chonchi atangoyamba sukulu.

Madzulo bambo anaima pageti. Aphunzitsi anatuluka. Kachitsa anawagwira dzanja aphunzitsiwo.

"Mwa-swe-ra bwa-nji, ba-mbo?" anatero aphunzitsi. "Lo-wa-ni."

Mawuwo anatuluka okhotakhota. Thukuta linali pamphuno pa aphunzitsi.

Bambo anawayang'ana. Anaona munthu wamkulu akuvutika ndi mawu. Anaona kuti sanathawe.

Bambo anavula chipewa. Anawerama kwa Kachitsa.

"Mwanangu, m'chiyankhulo chawo zikomo amati chiyani?"

Kachitsa anawanong'oneza. Bambo ananena. Nawonso mawu awo anatuluka okhotakhota. Palibe anaseka.

Pakhomo panali timizere ta nsapato za ana. Bambo anavula zawo zazikulu. Anaziika pambali pa za Kachitsa.

Analowa.

Pakhoma panali manja ambiri. Ofiira, obiriwira, achikasu. Kachitsa sanaloze.

Bambo anayang'ana mofatsa. Kenako anagwada. Anaika dzanja lawo pa kadzanja kena kachikasu.

"Aka," anatero.

"Mwadziwa bwanji, ababa?"

"Ndimakagwira tsiku lililonse, mwanangu."

Mawa lake pageti panalibe munthu. Pakhomo panali nsapato zazikulu za penti.