Kakuwala Kofiira Pamwamba pa Mawaya

Mlonda wa pamalo ogawira magetsi anali atazolowera kung'ung'uza kwa makina, kuja kosalekeza kumene kumalowa mpaka m'mano. Choncho pamene phokoso lina linamveka pamwamba pake, lopyapyala ngati la njuchi zotsekeredwa m'chitini, anadziwa kuti ndi lachilendo. Atakweza maso anaona kakuwala kofiira kataima phee pamwamba pa mawaya, kenaka kanazimirira.

Kutacha anauza kapitawo.

"Ndi duroni imeneyo, tindege tija topanda munthu," anatero kapitawo. "Lamulo likuletsa kutiulutsa pafupi ndi malo ano. Kakangogwera pa mawayawa, chipatala ndi tawuni yonse zili mumdima. Mukapeza mwini wake, itanani apolisi."

Kakuwalako kanabweranso, n'kubweranso, tsiku lililonse kakutsikirako pang'ono. Anthu anayamba kunong'ona kuti ndi akuba akuwerengera mawaya. Ena amati kumeneko kumayenda zinthu zosatchulidwa. Mkazi wa mlondayo anam'pempha kuti asiye ntchito.

Usiku wina, mlondayo anakatsatira mpaka kuseri kwa mitengo. Anapeza mayi atakhala pa mwala, kachipangizo kowala kali m'manja, misozi ili mbwee.

"Musandimangitse, bambo," ananong'ona mayiyo. "Ndimajambula maukwati ine. Bambo anga akalamba, mutu sukugwiranso. Anagwira ntchito muno mpaka kupuma, ndiye kukada amazemba kunyumba, akuti achedwa kuntchito. Ndimawafunafuna ndi kandegeka."

Mlondayo anakumbukira mayi ake, amene masiku awo omaliza ankamuitana ndi dzina la mlongo wawo. Anabweza m'thumba foni imene anali atatulutsa kuti aitane apolisi.

"Katsitseni, achemwali. Mundipatse nambala yanu, ndizikuyang'anirani ndine."

Koma maso a mayiyo anali pa kagalasi ka kachipangizo kaja, koonetsa zimene kandegeko kankaona.

"Ndi awo," anatero. "Ali mkati."

Mlondayo anasuzumira. Pakati pa makina akuluakulu panaima nkhalamba yovala malaya oyera. Anagwira lamba wake: makiyi onse analipo.

Anathamanga. Loko wa pageti anali wokhoma monga anamusiyira, ndipo mpanda unalibe pong'ambika paliponse. Anatsegula, nayandikira pang'onopang'ono, n'kuigwira dzanja nkhalambayo. Linali lozizira ngati chitsulo.

"Agogo, mwalowa bwanji muno?"

"Anzanga anditsegulira," anayankha mokondwa, natchula mayina atatu. "Akuti ndidikire, tiyambira limodzi."

Mayi uja, amene anali atafika pageti, anagwira pakamwa.

"Onse atatuwo tinawaika m'manda kalekale," anatero motsitsa mawu.

Mlondayo anavula jekete lake n'kuwafunditsa agogowo, nawatulutsa mwaulemu. Atafika pageti, nkhalambayo inatembenuka, n'kukweza dzanja kutsanzika mumdima muja.

Mlondayo sanacheuke.