Sokisi ya Malemu Ottmar

Lolemba m'mawa tonse a mumsewu wa kutchalitchi tinamva galimoto ya malemu Ottmar Kienzle ikutsokomola. Zaka khumi ndi zisanu galimoto imeneyo inkalira mosalala ngati mphaka wokhuta, ndiye itayamba kunjenjemera ili chiimire, kulira kokwera ndi kutsika ngati ikufuna kuzima, makatani anagwedezeka m'nyumba zonse. Anga omwe, sindikana.

Mwini wake tsopano anali mkazi wa malemuwo, Mayi Waltraud, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, woyandikira zaka makumi asanu ndi awiri. Dzulo lake anali atavala ovolosi ya amuna awo, n'kusintha okha oyilo, mapulagi ndi sefa ya mpweya. Chifukwa chake tinkachidziwa. Lachisanu galimoto inkayenera kukayezedwa ngati ikuyenerabe kuyenda pamsewu, ndipo mwana wawo Torben anali atanenetsa kuti ikalephera aigulitsa ndi kuwatenga kukakhala nawo ku Stuttgart, pansanjika yachisanu. Mudzi wathu ulibe sitolo, basi imabwera kawiri patsiku. Kuwalanda galimoto kunali kuwalanda nyumba.

Pamene ankakonza, aneba awo Bambo Egon Häberle, mbeta yokalamba yokhala ndi chigalu chaubweya, anasuzumira pampanda. Anaona mayiwo akudula chisokisi chakuda, chonunkha, chimene chinali chomangidwa pafupi ndi batire, n'kuchiponya m'bini.

"Mayi Kienzle, chimenecho mukanachi..."

"Bambo Häberle, mwamuna amene anene kanthu za injini yanga lero amwa oyilo wakaleyu."

Bambo Häberle anabwerera kwawo.

Ndiye Lolembalo nyali yachikasu inayaka. Mayi sanatekeseke. Analumikiza kamakina kowerengera zolakwika pansi pa chiwongolero, kanawauza kuti vuto ndi sensa, kachipangizo koyeza mpweya. Atatsegula boneti anapeza kuti anaiwala kubwezera pulagi yake. Anaikankha mpaka inati tha! Injini inakhazikika, nyali n'kuzima.

Usiku umenewo kunali zii, moti wotchi ya patchalitchi inkamveka ngati ili m'chipinda. Itangomenya kawiri, mayi anamva kukanda pang'onopang'ono kuchokera kushedi ya galimoto, ngati zikhadabo pachitsulo, kusiya, kuyambanso. Anayatsa nyali ya panja. Galimoto inali phee, mumdima wa pansi pa denga munalibe kanthu.

Lachiwiri injini inkagwedeza ngakhale magalasi. Kamakina kanatchula sensa ina, ya kupaipi ya utsi, imene mayi sanaikhudze n'komwe. Waya wake anali woduka. Anaulumikiza, nauwotcherera bwinobwino, naukulunga.

Ku vani yobwera kudzagulitsa buledi tinali kale pamzere.

"Ndi Ottmar ameneyo," ananong'ona Rosl Birkle, mkazi wa wosamalira manda. "Ali moyo sankalola mkazi wake kupukuta ngakhale galasi."

"Iwe Rosl, wakufa angadule waya?" ndinamufunsa.

"Nanga chisokisi chija ankachibisiranji? Munthu amanga sokisi mu injini popanda chifukwa? Anataya chosayenera kutayidwa!"

Usiku wachiwiri ndinamva ndekha, chifukwa zenera langa ndimalisiya lotsekula pang'ono, kaamba ka mpweya wabwino basi. Kunamveka kulira kumodzi kosongoka, ngati khanda lotsinidwa, kenako chete. Patapita kanthawi, mapazi. Mapazi a munthu, olemera, okokedwa, akuponda timiyala ta pabwalo la a Kienzle, tswa, tswa, n'kuima pafupi ndi shedi nthawi yaitali. Ndinadzifunditsa kumutu. Amuna anga, Mulungu awaone, ankangoliza mkonono.

Lachitatu galimoto inkazima nthawi iliyonse mayi akachotsa phazi pamoto. Kamakina kanati mpweya ukulowa wochuluka kuposa mafuta. Torben anaimba foni, ndipo poti mayi amaika foni pokweza mawu manja akakhala ndi girisi, mpanda sunatibisire kanthu.

"Amayi, ingovomerezani. Mwaiwononga. Chipinda takonza kale."

"Lachisanu lakwana?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye ika m'chipindamo njinga zako."

Apa m'pamene ndinawavulira chipewa mayi amenewa. Ife tikukamba za mizimu, iwo anatenga galasi lawo lokulitsira malembo, n'kuyamba kutsata mapaipi a rabala limodzilimodzi, injini ikulira, khutu lili pafupi. Anamva kamluzu kochepa. Papaipi yopyapyala panali timabowo tiwiri moyandikana, tosalala ngati tobooledwa ndi singano, ndi tina tiwiri kunsi kwake. Anasintha paipiyo osauza munthu chimene aona. Madzulo anatenga paketi yathunthu ya ufa wophikira makeke, n'kuusefa pansi kuzungulira galimoto mpaka panayera.

Madzulo omwewo Rosl anabwera kwathu akupuma mwabefu. Akuti waona galu wa Bambo Häberle ali ndi chigamba chopanda ubweya pamsana, chachikulu ngati mbale.

"Chayambira galimoto, chafika pa ziweto," anatero. "Kenako ndi ife."

Usiku wachitatu mayi anakhala pampando kukhitchini, nyali zozima. Kunali kamvula kowaza, madontho akugwa m'ngalande ya denga limodzilimodzi. Mapazi aja anabweranso, tswa, tswa. Chitseko cha galimoto, chimene chiyambire sichikiyidwa, chinalira pang'ono. Boneti inati kwa! Iwo eni anandiuza kuti sanapite kukaona, pakuti Ottmar yekha ndi amene ankatsegula boneti usiku. Anakhala pomwepo mpaka kunja kunayera.

M'mawa ufa unanena zonse. Panali timapazi ta zala zisanu, ta likongwe, kanyama kokonda kuluma mawaya ndi mapaipi a injini, monga ankaganizira ataona timabowo tija. Timapazito tinafika pa tayala lakutsogolo, n'kuzungulira, n'kubwerera kumpanda osakwera. Kenako anatsegula boneti. Pafupi ndi batire, pamalo omwe aja, panali sokisi yakuda yofufuma, yomangidwa ngati sinachokepo.

Wina akanakuwa. Iwo anainunkhiza, anayang'ana pansi, naona mapazi a masilipasi akulu. Anawatsata kudutsa pabwalo, pageti, mpaka pakhomo la aneba, pomwe ufa unali mbuu pachopondera.

Bambo Häberle anatsegula, galu wometedwa ali kumbuyo kwawo ndi manyazi.

"Bambo Häberle, mizimu ya masiku ano ikuvala masilipasi?"

"Munati ndikayankhula ndimwa oyilo," anatero akuyang'ana zala zawo. "Ottmar ankabwera kudzapempha ubweya wa galu wanga chaka chilichonse, n'kuuika m'sokisi. Likongwe akamva fungo la galu salowa mu injini. Dzana ndinangomuthamangitsa, dzulo ndinati ndimange sokisi ina."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Ankati mukadziwa muichapa."

Akuti mayi anaseka mpaka kugwira chitseko.

Lachisanu galimoto inakhoza. Woyeza, atamva mmene injini ikulirira ili chiimire, anafunsa kuti mawayawo anawotcherera ndi makaniko wa kuti.

"Ali patsogolo panu," anayankha mayi.

Pobwera anadutsa pang'onopang'ono mumsewu wa kutchalitchi, kachizindikiro katsopano ka oyeza kakuwala pa nambala ya galimoto. Pampando wa kutsogolo panali Bambo Häberle, atavala jekete limene amapita nalo kumaliro okha, ndipo kumbuyo kunali galu atavala juzi ya malemu Ottmar yobisa chigamba chija. Rosl akuti masilipasi aja anawaonanso Lamlungu m'mamawa pakhomo la a Kienzle, atayang'ana kolowa.