Kadiso ka pa Dashibodi

Galimoto anaiba Lachiwiri m'mawa, kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Mwini wake, mphunzitsi wopuma pantchito, anali atangotsika kuti aone tayala. Amuna awiri anamudzera kumbuyo. Wina anamutseka pakamwa, wina anatsegula buti. Pamsewu panalibe amene anaona, kapena tinene kuti panalibe amene anafuna kuona.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu, foni ya Fyuzi inalira. Fyuzi ndi wokonza magetsi a galimoto, munthu wa pakamwa, amene amauza aliyense kuti palibe waya umene ungamupusitse. Woimbayo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

"Alamu, tabwerani ndi zida. Pali kantchito."

"Kuti?"

"Kumene ankasungira matabwa, kuseri kwa depoti. Musamuuze mlongo wanga."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati mutu ukundipweteka. Koma mlamuyu ndi amene anamuikira kumbuyo Fyuzi pamene apongozi ankati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wonunkha girisi. Akanakana bwanji?

Atangolowa, chitseko chachitsulo chinatsekeka kumbuyo kwake. Munthu wina wamtali, wa chipsera pachibwano, anakhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba. Kenako anatambasula dzanja.

"Foni."

Fyuzi anapereka. M'nyumbamo munalibe zenera. Malata anali atapsa ndi dzuwa, mpweya ukununkha utuchi ndi petulo. Pakati panaima galimoto yotuwa, yatsopano ndithu, magetsi ake akuwala pakhoma.

"Yapenga iyi," anatero mlamu. "Masana ano ikuyatsa yokha magetsi. Sikirini yada, mapu sakuoneka. Tapotokola batani lozimitsira mpaka lathyoka. Pamsewu aliyense akungotiloza, ena kutiimbira huta. Tikufuna iziyenda ngati zinzake."

"N'ja ndani?"

"Inu konzani basi," anayankha Wachipsera.

Fyuzi anakhala pampando wa dalaivala. Anayamba ndi zophweka. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, onse anali amoyo. Anazunguza kagudumu kowonjezera kuwala kwa dashibodi, sikirini inangoti kuwala pang'ono. Kenako anayendetsa dzanja pamwamba pa dashibodi, pafupi ndi galasi, ndipo zala zake zinagunda kanthu kotupa, komatidwa tepi yakuda yochindikala.

"Wamata apa ndani?"

"Ine," anatero Wachipsera monyada. "Ndi kamera imeneyo. Eni ake amationera pamenepo."

Fyuzi anatsala pang'ono kuphulika ndi phwete.

"Abwana, si kamera iyi. Ndi kadiso koyeza kuwala. Kakaona dzuwa kamauza galimoto kuti kwacha, magetsi azime, sikirini iwale. Kakaona mdima kamayatsa magetsi, sikirini n'kuichepetsa kuti isathobwe dalaivala m'maso. Inu mwakamanga kumaso, ndiye galimoto ikuyesa kuti kunja ndi usiku."

Atatha kulankhula m'pamene anamva bwino zimene mnzakeyo ananena. Munthu amene amaopa kuonedwa ndi mwini galimoto amakhala ndani? Phwete lija linathera pakhosi.

Anamatula tepiyo mwakachetechete. Ntchito inali itatha. M'chikwama chake munali tochi. Akanangounika pa kadisoko, magetsi akanazima pomwepo, iye n'kutenga foni yake, n'kumapita kwawo osaona chilichonse. Dzanja linali litagwira kale tochiyo.

Du. Du.

Phokosolo linachokera kuseri kwa mpando wakumbuyo. Linali lofooka, ngati la munthu wogogoda ndi chigongono. Kenako panamveka kupuma kokoka, kwa pakamwa pomangidwa.

Fyuzi anasiya tochi. Anayang'ana mlamu wake. Mlamu anayang'ana pansi. Wachipsera anali pachitseko, akusuzumira panja pa kabowo ka msomali.

"Alamu," Fyuzi ananong'ona, "muli munthu umo."

"Sindimadziwa kuti zifika pamenepa. Akuti tikamusiya kuthengo kukada."

"Kukada? Kutentha kumeneku? Afika wamoyo?"

"Khalani chete, ndapota nanu. Uyu ali ndi mpeni. Mukalankhula mwandipha ine, ndipo mlongo wanga mukamuuza chiyani? Chibale ndi fupa, alamu."

Fyuzi anachita mantha, mantha enieni. Chitseko chinali chokhoma, foni m'thumba mwa wina, ndipo munthu amene amadya naye m'mbale imodzi anali ataima mbali ya mpeni. Thukuta linali kamukamu. Kumbuyo kuja kugogoda kunamvekanso, kamodzi kokha.

Anazula kadiso kaja ndi sikuludiraiva, ngati akufuna kukapukuta. Chala chake chinalowa pansi n'kukoka kapulagi kake. Anakabwezera pamalo pake kali kakufa, kuti magetsi asazime.

"Zili pati?" anafunsa Wachipsera.

"Kakhala nthawi yaitali mumdima. Kompyuta ya galimoto yasokonekera. Iyenera kuona dzuwa lenileni, galimoto ikuyenda, kuti iphunzirenso masana."

Bodza la mkunkhuniza. Koma munthu amene anamata tepi pa kadiso akanatsutsa ndi chiyani?

"Ndiyendetsa ndine," anatero Wachipsera.

"Chabwino. Mudziwa nthawi yodina batani la kompyutayo?"

Wachipsera anamuyang'ana kwa nthawi, diso lili gwa. Amene analankhula anali mlamu.

"Musiyeni ayendetse. Ndi wachibale uyu, sangatigulitse."

Mawu amenewo anamupweteka Fyuzi kuposa mpeni umene anaumva ukumukhudza m'nthiti, Wachipsera atakhala kumbuyo kwake. Mlamu anatsegula chitseko chachitsulo, n'kudzakhala pampando wakutsogolo. Galimoto inatuluka, magetsi ali ngwee dzuwa likuswa mtengo.

"Khotera kumanzere," analamula Wachipsera. "Kopanda anthu."

"Kumeneko kuli mitengo. Mthunzi utibwezera m'mbuyo. Tikufuna poyera."

Anakhotera kumanja. Msewu unadutsa depoti, unadutsa mashopu a matayala. Kubuti kunali zii, ndipo chete ameneyo ndi amene ankamuopsa kwambiri. Patsogolo, pamphambano ya msika, magalimoto anali atathithikana. Wapolisi wamkazi anaima pakati, akuwongolera ndi manja. Wapolisi wina anali pambali akulankhula ndi dalaivala wa basi.

"Bwerera," anatero Wachipsera. Mpeni unaboola malaya. "Ndati bwerera."

Fyuzi anaponda mafuta. Galimoto inagunda basi kumbuyo, khu, magalasi a magetsi n'kumwazika pa tala. Wachipsera anamenyetsa nkhope kumpando. Fyuzi anakoka kachitsulo kotsegulira buti, anakankha chitseko, n'kugwera pamsewu.

"Muli munthu m'buti! Muli munthu!"

Kondakitala wa basi anali akubwera kale ndi zotukwana zake, koma anangoima kukamwa kuli yasa. Buti inali itatseguka. Mphunzitsi uja anali atapindika ngati thumba, manja omangidwa ndi lamba wake yemwe, milomo itauma mpaka kung'ambika.

Wachipsera anathawira pakati pa mabenchi a msika. Sanapite patali. Amayi ogulitsa zovala anamupinga ndi tebulo, wapolisi wachiwiri n'kumukhalira pamsana. Mlamu sanathawe. Anakhala pampando pomwepo, lamba atamanga, manja ali pamaondo.

Wapolisi wamkazi anawerama pa mphunzitsi, khutu pafupi ndi mphuno yake.

"Akupuma. Madzi, wina abweretse madzi." Kenako anatembenukira kwa Fyuzi. "Inu ndinu ndani pamenepa?"

"Wokonza magetsi."

"Nanga uyo?"

Fyuzi anayang'ana amene anatsala m'galimoto uja.

"Mlamu wanga."

Fyuzi naye anagona kupolisi tsiku limenelo, mpaka mphunzitsi atatsitsimuka kuchipatala n'kunena kuti amene anamuika m'buti anali awiri, ndipo mawu a wachitatuyu anangowamva akukamba za kadiso. Dokotala anauza khoti kuti mdalayo sakanafika madzulo. Woweruza sanachedwe nazo. Wachipsera ndi mlamu anawapatsa zaka khumi ndi ziwiri aliyense, akagwire ntchito yakalavulagaga.

Panja pa khoti, mphunzitsi anagwira dzanja la Fyuzi ndi manja onse awiri. Apongozi anadutsa pafupi ngati sakumudziwa. Mkazi wa Fyuzi anatuluka pomaliza, maso atatupa. Anayenda naye mpaka pamene anaimika galimoto yawo yakale.

"Mayi a ana," anayamba Fyuzi, "munthu uja akanafa."

"Ndamva. Ndinali momwemo." Anatsegula chitseko. "Sindikunena kuti munalakwa. Koma musadikire kuti ndikuthokozeni."

Tsiku loona akaidi likafika, Fyuzi amatseka galaja yake n'kumuperekeza mkazi wake kundende. Mkaziyo amalowa ndi kathumba ka sopo. Iye amatsala m'galimoto, panja pa mpanda, kudikira. Mlamu sanamuitanepo.